Maluwa apulasitiki pamwamba pa mashini anga

Kalata iyi inalowa mufoni Lachiwiri usiku ndili pa mashini, ndikuthamangitsa diresi la mkwatibwi wina amene ukwati wake uli Loweruka likubwerali. Ndinaiwerenga nditaluma maphini pakamwa, ndipo nditafika kumapeto phazi linangoima lokha. Walemba ndi mtsikana wa zaka 26, dzina sinditchula. Chinkhoswe chinachitika chaka chatha. Masana amagulitsa mushopu, madzulo amapita kusukulu ya open kukabwereza MSCE, Loweruka amasewera netiboli. Bwenzi lake lamuuza kuti zonsezi zithe ukwati usanachitike, chifukwa mkazi wapabanja salowa m'nyumba dzuwa litalowa kale. Funso lake ndi lalifupi: "Anti, kodi ndine wodzikonda ndikamakana kusiya? Anzanga akuti chikondi n'kudzipereka."

Achemwali, mwandigunda pachilonda. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndadzera kwathu.

Ine palibe anandiletsa kanthu. Ndineneretu zimenezi chifukwa anthu timakonda nkhani yokhala ndi mfiti yake, ndiye mungayambe kuwada bambo akunyumba kwanga pachabe. Sanandiuzepo kuti ndisiye kusoka. Ndinasiya ndekha, ndi manja anga awiriwa, ndikuyesa kuti ndiye kukhala mkazi wabwino kumeneko. Tinakwatirana mu 2014. Nthawi imeneyo ndinali ndi kamalo kanga pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndi mashini a Singer akuda aja opalasa ndi phazi, amene mayi anga anandisiyira. Sukulu zikamatsekulira ndinkagona mochedwa ndi mayunifolomu, Disembala ikafika ndiye madiresi a Khirisimasi mulu. Ndalama sizinali zambiri, koma zinali zanga, ndipo pakhonde paja panali anthu anga: adala ena okonza mawotchi amene ankadziwa nkhani za m'tauni monse, ndi mayi wogulitsa zitumbuwa amene ankandikongoza mpaka Lachisanu.

Pa bridal shower yanga panayankhula amayi asanu ndi mmodzi. Ndikukumbukira onse, atavala chitenje chofanana, akulandizana maikolofoni pakati pa perekaniperekani. Wina anaphunzitsa za kuphika, wina za ukhondo, wina za kulandira achibale a mwamuna, wina za kuchipinda mophiphiritsa mpaka holo yonse kuseka. Mwamuna ndi mwana. Akamafika madzi osamba awapeze ali kubafa. Banja n'kupirira. Mwa amayi onsewo, ena a iwo aphunzitsi ndi anamwino amene anadzuka m'mawa wake kupita kuntchito zawo, palibe ndi mmodzi yemwe anati, "Mwanawe, mashini ako usawasiye." Mu 2015 ndili ndi pakati, ndinanyamula mashini aja pa kabaza mpaka kunyumba ku Machinjiri, n'kuwavundikira ndi nsalu yoyera yoluka m'mbali. Pamwamba ndinaikapo kabotolo ka maluwa apulasitiki. Ndinati ndi za miyezi yochepa chabe.

Amuna anga ndi dalaivala wa thiraki. Nthawi imeneyo ankayenda msewu wa ku Beira, kudzera pa Mwanza, kuoloka pa Zobue, kudutsa Tete. Ulendo umodzi unkatha sabata ziwiri, pena zitatu akachedwa pamzere kudoko. Ndiye taganizani mzimayi wa zaka 27, wozolowera phokoso la ku Limbe, atakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi khanda. Kusesa kumatha 7 koloko. Kuchapa kumatha 9 koloko. Kuchokera pamenepo mpaka usiku ntchito yanga inali imodzi, kudikira. Ndipo ndinaigwira ntchitoyi mwakhama kuposa mmene ndinkasokera.

Ndinkadziwa kuti akaoloka pa Zobue netiweki ya kuno imathawa, koma mtima sunkamva zimenezo. Ndinkatumiza uthenga pa WhatsApp, n'kukhala ndikuyang'ana kachizindikiro kamodzi kaja kuti kasanduka liti tiwiri. Tikasanduka tiwiri osayankha, mutu unkayamba kuluka nkhani. Ndinkawerengera maola a kuchokera ku Tete kukafika ku Chimoio ngati ine ndiye mwini katundu. Ndinkaimbira mkazi wa dalaivala mnzawo, kunamizira kumupatsa moni, pomwe ndikufuna kumva ngati awo aimba. Akabwera, munthu atatopa, maso ali psuu, atanyamula nsomba zouma ndi kachigubu ka mafuta ophikira, ine ndinkawalandira ndi mlandu wokonzakonza. Akalowa kubafa, ine pa foni yawo. Malaya ndinkayamba ndawanunkhiza ndisanawaviike. Ndikulemba izi manyazi akundigwira, koma ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga mukuyang'ana kumbali.

Usiku wina sindidzauiwala. Magetsi anali atathima, tikudya nsima ya utaka pa kandulo. Ndinafunsa kuti, "Lachinayi cha m'ma 9 usiku munali kuti? Munali online koma simunandiyankhe." Anabweza mbamu m'mbale, anasamba m'manja pang'onopang'ono, osakweza mawu. Anati, "Kodi mayi, tsiku lonse mumangoganiza za ine basi? Ine ndatopa. Ndikhale mwamuna wanu, ndikhalenso wailesi yanu, tchalitchi chanu ndi mayi anu?" Anakagona osamaliza kudya. Ine ndinalira mpaka tambala woyamba, ndikudziuza kuti munthuyu sandikonda. Zinanditengera zaka kuti ndimve kuti ananena zoona. Ndinali nditataya zonse zimene zinkandipatsa moyo, ndiye ndinkafuna kuti munthu mmodzi, wotopa kale ndi msewu, akhale zonsezo. Mutu umodzi susenza denga, nanga mtima umodzi ungasenze bwanji moyo wonse wa munthu wina?

Mu 2018 mutu unayamba kundiwawa kunkhongo, tulo osabwera, mtima kumangothamanga ndili khale. Kuchipatala anandiyeza BP kawiri, dokotala n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Zaka 30 zokha? Mukuganiza chiyani mayi?" Ndinati palibe. Ife Amalawi yankho limeneli timalidziwa bwino. Anandipatsa mapiritsi, anandiuza kuchepetsa mchere ndi kumayenda. Mchere ndinachepetsadi.

Chaka chomwecho kunabwera azakhali anga kuchokera ku Thyolo kudzaona mwana. Ndi mayi amene anathyola tiyi theka la moyo wawo, ndipo mawu sawazungulitsa. Atakhala pampando anayang'ana pakona paja nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anachotsa kabotolo ka maluwa, anakweza nsalu, n'kuona mashini a mayi anga aja ali ndi dzimbiri. Anangoti, "Iwe, manda awa ndi a ndani? Mpaka nkhata mwaikapo." Ndinaseka, koma chakumtima kunali kuwawa. Ndikanakonda kukuuzani kuti tsiku lomwelo ndinawatsegula. Ayi ndithu. Atangokwera minibasi ndinabwezeretsa nsalu ndi maluwa omwe. Ndine wamakani.

Anandidzutsa ndi matenda a corona. Mu Epulo 2020 matendawa analengezedwa kuti afika m'dziko muno, ndipo pofika Ogasiti boma linalamula kuti aliyense azivala masiki pagulu. Masiki a m'mafamase anali odula kwa anthu ngati ife. Mayi woyandikana nane anabwera ndi chidutswa cha chitenje n'kuti, "Paja inu munali telala, tandisokereniko tiwiri ta ana." Lamba wa mashini anali atafumbwa, moti anaduka nditangopalasa kamodzi. Bobini inali itagwirana ndi dzimbiri. Ndinaitana mkulu wina wokonza mashini kumsika, anawamasula onse, anawathira mafuta, n'kundidzudzula ngati ndazunza mwana. Masiki awiri aja anabala khumi, khumi anabala oda ya mpingo wina, kenako ya sukulu ina yapulaiveti. Ndinkasoka mpaka maso kuchita chidima, mwana akundithandiza kudula lasitiki.

Tsiku lina foni inalira ndili pakati pa msoko. Anali amuna anga, akuimba ndi nambala ya ku Mozambique. "Kodi kumeneko muli moyo? Masiku awiri osandifunsa." Ndinayang'ana kalendala. Analidi masiku awiri chidutsireni pa Zobue, ndipo ine sindinayang'ane tizizindikiro tija ngakhale kamodzi. Tinacheza mphindi khumi, mayunitsi awo mpaka kutha. Ndinali ndi nkhani zowauza: kasitomala wokana kulipira, mtengo wa lasitiki ku Limbe, mwana amene anasoka chala cha chidole. Anaseka. Ndinali nditaiwala kasekedwe kawo.

Ndiye achemwali, mukandifunsa ngati ndinu wodzikonda, magazi anga amawira. Mawu oti "kudzikonda" tinawasandutsa chikwapu chokwapulira akazi amene akufuna kukhala ndi kanthu kawokawo. Mwamuna akamapita kokaonera mpira wa Bullets ndi Wanderers, kapena akamachita kosi ya madzulo kuti akwezedwe pantchito, palibe amati ndi wodzikonda. Amati ndi wochangamuka. Mtsikana akafuna makirediti 6 oti apikisane nawo malo kuyunivesite, anzake omwe ndi amene akumuuza kuti adzipereke. Kudzipereka kwake kuti? Nkhuku yoperekedwa kwa alendo sibwerera m'khola. Ine ndinadzipereka zaka zisanu, ndipo chimene amuna anga analandira si mkazi wachikondi ayi, analandira wapolisi wa BP yokwera. Ndikunenetsa, ndipo amene akwiye akwiye: munthu amene wasiya zonse chifukwa cha chibwenzi amasanduka katundu wolemera kwa mnzakeyo, ndipo tsiku lina adzamulipiritsa. Adzati, "Ine ndinasiya sukulu chifukwa cha iwe." Ngongole imeneyo palibe mwamuna angaibweze.

Alangizi athu ndimawalemekeza, ndipo zambiri zimene amaphunzitsa n'zothandiza. Ulemu ndi wabwino, kudziwa kulandira apongozi n'kwabwino. Koma mwambo umenewu unakulira kumudzi, kumene mkazi sankakhala yekha. Kwa ife a chikamwini mwamuna ndiye ankabwera kwanu. Munda unali wa kwanu, mayi anu ali khomo loyandikana, achemwali anu kumtondo, anzanu kuchitsime, malume anu ali pafupi ngati zavuta. Mkazi wa kumudzi ankapirira ali pakati pa anthu ake, nkhokwe yake ili pabwalo. Ife tatenga mawu oti "pirira" n'kuwapatsa mtsikana amene akukakhala m'nyumba ya lendi ku Chirimba kapena ku Area 25, kopanda munda, kopanda m'bale, wongodikira ndalama ya ndiwo patebulo. Kupirira kwa chonchi agogo athu sakukudziwa.

Mayi Joyce Banda anenapo poyera kambirimbiri kuti banja lawo loyamba linali la nkhanza, ndipo analisiya ali ndi ana atatu. Anayamba mabizinesi, kenako anakhazikitsa bungwe la amayi ochita malonda la NABW, ndipo mu 2012 anakhala mtsogoleri wa dziko lino. Za ndale zawo aliyense ali ndi maganizo ake, ine sindilowako. Chimene ndimaonapo n'choti anadzakwatiwanso, ndipo banja lachiwirilo lakhala zaka zambirimbiri mayiwo ali pakalikiliki m'dziko monse. Kutanganidwa kwa mkazi sikumene kumapha banja.

Koma ndisanamizire kuti mashini anachiza zonse, ndingakhale wabodza. Nditayambanso kusoka, kufufuza foni kunachepa koma mantha sanathe. Akachedwa tsiku limodzi, m'mimba munkandipotabe. Mnzanga wa ku banki m'khonde ndi amene anandikoka kupita kwa mlangizi wa za maganizo, ine ndikukana kuti sindine wamisala. Pa ulendo wachitatu mlangizi uja anandifunsa kuti munthu woyamba amene ndinamudikira osabwera anali ndani. Ndinangoti kakasi. Bambo anga anapita ku Joni ndili ndi zaka 9. Anati abwera pa Khirisimasi ndi nsapato. Ndinkakhala pa chulu cha kumsewu madzulo aliwonse kuyang'ana mabasi. Sanabwere, ndipo tinadzamva kuti ali ndi banja lina. Ndiye kuti zaka zonse zija amene ankanunkhiza malaya sanali mayi wa zaka 30, kanali kamtsikana ka pachulu kaja. Amuna anga ankalipira mlandu wa apongozi awo amene sanawaonepo n'komwe. Kukula kwa munthu si satifiketi yokha ndi ndalama. Kwina n'kukhala pansi n'kufunsa kuti, kodi chilonda ichi ndinachitenga kuti, ndipo ndikuchipaka pa ndani?

Anthu ambiri akamva za thandizo la maganizo amangoganiza za chipatala cha ku Zomba, basi n'kuthawa. Koma kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ku Queens kuno kuli madokotala a zimenezi, ndipo m'zipatala za maboma mumapezeka anamwino amene anaphunzira za matenda a maganizo. Simufunika kuyamba mwavula zovala pamsewu kuti mupiteko.

Abambo nawonso

Nkhaniyi si ya akazi okha, ndipo abambo amene mumawerenga mwakachetechete kuno musaganize kuti mwapulumuka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mafuta ankasowa, ndalama zakunja kulibe, maulendo a amuna anga anachepa mpaka kumatha mwezi ali pakhomo. Ndinaona munthu akufota ngati chimanga cha pa ng'amba. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, osalankhula, wailesi ili pakhutu koma osamva. Lendi ya miyezi itatu ndinalipira ine ndi ndalama za ku banki m'khonde, ndipo m'malo mosangalala zinawapweteka. Ndinazindikira kuti nawonso anali ndi mashini awo ovundikira. Moyo wawo wonse unali thiraki ndi kubweretsa ndalama. Zimenezo zitachoka, sanadziwe kuti iwo ndi ndani. Analibe mnzawo woti n'kumuuza zakukhosi, chifukwa mwamuna salira. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno ambiri ndi abambo, ndipo nkhani za ngongole ndi za m'banja sizisowapo. Ine ndinkagona khutu limodzi lili maso.

Sindinawachize ine. Ndinayesa kuwalalikira, zinakanika. Anawatulutsa m'nyumba ndi mnzawo wakale amene anawakakamiza kupita ku mpira wa madoda wa Lamlungu masana, uja amathamanga mphindi khumi n'kuyamba kupempha kusinthidwa. Anayambanso kukonza njinga zamoto za anyamata a kabaza kuseri kwa nyumba, poti za injini amazidziwa. Amabwera m'nyumba manja ali bii ndi girisi, akudandaula bondo, koma maso ali ndi moyo. Lamlungu masana ine sindiwafunsa kuti abwera nthawi yanji. Nthawi imeneyo ndi yawo, ngati mmene Lachinayi madzulo a banki m'khonde alili anga.

Pepani achemwali, ndalowerera. Tibwerere kwa bwenzi lanulo.

Sindikumudziwa, ndiye sindinena kuti ndi woipa. Mwina akuopa zenizeni: mdima, achifwamba, njira ya kuchokera kusukulu. Ngati ndi zimenezo, mankhwala ake alipo, azidzakutengani pageti kapena mupeze wakabaza wodalirika. Mwina akuopa kuti mukaphunzira mudzamuona wochepa. Amenewo ndi mantha ake, ndipo ndi ntchito yake kulimbana nawo, inu mungomutsimikizira koma osadzidula miyendo kuti mufanane naye msinkhu. Mufunseni mwachindunji, muli awiri, mosakalipa: "Chimene ukuopa n'chiyani?" Ndipo nanunso dzifunseni ngati m'sabata yanu muli malo ake, chifukwa ngati shopu, sukulu ndi netiboli zadya masiku onse iye n'kumangolandira zotsala, dandaulo lake lili ndi mutu. Mutha kusiya Loweruka limodzi pamwezi. Sukulu ayi. Nkhaniyi ifike kwa ankhoswe ukwati usanachitike, imveke pamaso pa mbali zonse kuti mayeso mulemba. Akakana ngakhale pamenepo, akayamba kukuletsani anzanu, kukulandani foni kapena malipiro anu, dziwani kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha, limatchulanso nkhanza za m'maganizo ndi za pachuma, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit. Chinkhoswe chimabwezedwa, si imfa.

Ndalama ya mayeso ya MANEB mukalipire nthawi yake isanathe, risiti muisunge kwa mayi anu. Mukalemba mundiuze mmene Masamu ayendera. Ine ndibwerere ku diresi lija, zipi sindinaike, ndipo mwini wake akubwera mawa 10 koloko kudzayesa. Nayenso ndimufunsa kuti kantchito kake ka saluni akasiyira ndani.